Kabotolo ka a Prayong

Chinandidzutsa ndi kulira kwa supuni pa kambale. Ngwe, ngwe, kenako zii. Mwana wanga Tonkla anali ndi milungu isanu ndi iwiri chibadwire, ndipo masiku amenewo tulo tanga tinali ta nkhuku. Khoma lotilekanitsa ndi oyandikana nawo n'lamatabwa opyapyala, moti munthu akatsokomola uko, kuno umachita kupukuta kumaso. Ndinamva mawu a amalume a Prayong, akunong'ona ngati akunyengerera mwana wokana phala.

"Idyani mayi. Imwaninso aka kofiiraka. Mundithandize, musandichititse manyazi."

Mayi? M'chipinda chimenecho simunagonepo mkazi. Mumakhala amuna awiri, a Prayong ndi a Danai, ndipo mdadada wonse wa nyumba zalendi kuseri kwa msika kuno mumzinda wa Korat umadziwa kuti awiriwa ndi banja. Ndinasuzumira pawindo. Njinga yamoto ya a Danai panalibe.

A Prayong si amalume anga enieni, timangowaitana choncho tonse. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Anachoka kumudzi kwawo ku Surin ali mnyamata, natsuka mbale kwa Mtchaina wina wogulitsa mpunga wa nkhuku mpaka anaba luso lonse ndi maso. Lero ali ndi ngolo yawoyawo yogulitsirapo chakudya pakhomo la msika. Amadzuka tambala asanalire, kuwiritsa nkhuku zisanu ndi imodzi, kuphika mpunga m'mafuta a nkhukuzo, ndipo dzuwa likamafika pamutu miphika imakhala itayera. Ndi munthu waukhondo woopsa. Zikhadabo amawenga tsiku ndi tsiku, nsanza zopukutira amaziwiritsa, ndipo ntchentche ikatera pa thabwa lodulira nyama amalitsukanso ndi madzi otentha.

A Danai ndi akabaza a njinga yamoto, ocheperapo ndi zaka khumi ndi chimodzi, oseka mokweza. Akuti anabwera tsiku lina kudzadya n'kudandaula kuti tsabola wachepa. Mawa lake anabweranso kudzadandaula, mkuja chimodzimodzi, ndipo papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudandaulabe. Mayi a a Danai atafa ziwalo, amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza mpaka tsiku lomwalira ndi a Prayong.

Ine mayi anga anamwalira kale, ndipo mwamuna wanga Sak amagwira ntchito m'fakitale ku Rayong, amabwera pakatha miyezi iwiri. Nditachoka kuchipatala ndi khanda, amene ankagogoda pakhomo panga m'mawa uliwonse ndi a Prayong, atanyamula msuzi wa duwa la nthochi wothira jinja kuti mkaka utuluke. Ndikulemba izi kuti wina asaganize kuti ndine wosayamika.

Zinayamba kuvunda a Danai atayamba kudetsa imvi ndi kumeta kawirikawiri kwa Tawan, wometa tsitsi wa kusiteshoni ya basi, mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wa mapewa otambalala. Ndewu zawo ndinkazimva zonse ndikuyamwitsa.

"Wameta dzana, lero wametanso. Mutu wakowo ndi kapinga?"

"Nanga ndizimeta kwa iwe ndi chimpeni cha nkhuku, nkhalamba iwe?"

"Ukununkhira sopo wa eni ake."

"Iwe wakhala ukununkha nkhuku chikumanirane chathu, ndinadandaulapo?"

Poyamba ndinkaseka. Ndinasiya kuseka tsiku limene ndinaona a Prayong atagwada pakhonde, atalowetsa nkhope yonse m'chipewa cholimba chimene amavala okwera pambuyo pa njinga, akununkhiza ngati galu pa dzala. Kenako anatola tsitsi limodzilimodzi m'menemo n'kulikulunga m'kapepala. Chipewa chovala tauni yonse, cha thukuta la aliyense! Atandiona sanachite manyazi n'komwe.

"Make Tonkla, iwe sugona. Uzindiuza nthawi imene njinga yalowa."

Ndinangoti eya, koma sindinawauzepo.

Kutacha usiku wa supuni uja, a Prayong ali kumsika, ndinasuzumira pa mng'alu wa matabwa. Pashelefu yam'mwamba, pamene pamakhala fano la Buddha, zonse zinali monga kale. Koma pansi, kuseri kwa thumba la mpunga, panali kambale ka chakudya, kapu ya chakumwa chofiira, ndi kabotolo kakang'ono ngati chala, kokulungidwa ndi ulusi woyera, muli mafuta achikasu oderako. Tonse tinakula tikumva za kondaine ameneyu. Amati sing'anga amapita kumanda a mkazi amene wafa ndi pakati, n'kuwotcha chibwano cha mtembowo ndi kandulo, mafuta akudonthera m'botolo. Amatinso mkaziyo amalondola botololo kulikonse, akufunafuna mwana wake amene sanamunyamule. Ameneyo ndiye mayi amene a Prayong ankamudyetsa usiku uja. Ndipo kuseri kwa thabwa limodzi kunkagona mwana wanga.

Ndinamanga Tonkla ulusi wodalitsidwa ndi amonke, ansembe a Buddha, padzanja, ndinaika mpeni wothamangitsa mizimu kunsi kwa mphasa, ndinasunthira chogona chathu kukhoma linalo. Masiku atatu sindinatseke maso. Komabe msuzi wam'mawa ndinkalandira, n'kuthokoza. Ndikanauza ndani? Munthu amene akukudyetsa umamuneneza kwa yani?

Lamlungu masana ngolo sinatuluke. A Prayong anaphika mbale imodzi yokha, ntchafu yonona pamwamba pa mpunga wonyezimira, anaivindikira patebulo la pakhonde n'kupita kukasamba. A Danai anafika akuimba mluzu, anavundukula, anayang'ana, kenako anandiona nditakhala pakhomo panga.

"Mwana iwe, wauma ngati nsomba ya padzuwa. Ine ndadya kale. Tenga, woyamwitsa sakana chakudya."

Mutu wanga unali kuti? Ine ndinkadziwa kuti mafuta aja amapaka pakhungu la munthu, za kudyetsa sindinaziganize. Ndiponso njala ya woyamwitsa ilibe nzeru. Ndinadya. Ndinali nditafika pakati pa mbale pamene ndinamva kafungo kena kunsi kwa jinja, ngati kandulo yozima kumene, ngati nyama yogonera m'thumba lapulasitiki.

A Prayong anatuluka m'bafa atamanga nsalu m'chiuno, sopo ali m'khutu. Anakuwa ngati aponda moto, n'kuimenya mbale ija m'manja mwanga. Mpunga unamwazika mpaka pa mwendo wa Tonkla.

"Lavula! Lavula, Nuan! Si yako imeneyo!"

Sanafunike kunena zambiri. Ndinathamangira ku ngalande, ndinasanza mpaka kukhosi kunawawa, ndinalowetsa zala n'kusanzanso. M'maso mwanga munkangobwera chibwano cha mkazi amene sindimudziwa, chikusungunuka.

A Danai anayang'ana mpunga uli pansi, anayang'ana mnzawoyo, analowa m'chipinda n'kutuluka ndi kabotolo kaja atakagwira ndi nsanza.

"Prayong, ichi n'chiyani? Umafuna kundidyetsa mtembo?"

"Madontho atatu okha."

"Atatu okha! Mwamva anthuni? Munthu wowiritsa nsanza! Ndipo akupusitsa, awa ndi mafuta a nkhumba owola, wagula kwa wakuba."

"Ukanakhala pakhomo ndikanapita ku Surin kukagula zimenezi?"

"Inde, ndimapita kwa Tawan. Wamva? Ndanena. Thupi limafuna, ndikanize? Iwe ukafika umangogona ngati thumba la mpunga, chaka chachitatu chino. Koma ndimabwerera kuno ndi miyendo yanga, palibe amandikoka. Umafuna ndizibwera ngati galu womangidwa chingwe ndi maliro?"

"Umabwera kudzachapitsa malaya."

"Ndimabwera kwathu, chitsiru iwe!"

Ankalalatirana choncho ine nditagwada pa ngalande, mwana wanga akulira pamphasa, ndipo panalibe mmodzi amene anacheuka. Zaka zonsezo, kusambitsa mayi wodwala konse kuja, zathera apa: wina kununkhiza zipewa, wina kudzitama ndi chiwerewere chake pakhonde masanasana. Ndinanyansidwa nawo onse awiri, ndinadzinyansanso ndekha ndi dyera langa.

Masiku awiri sindinamuyamwitse Tonkla. Mabere anatupa ngati miyala, ndinkafinyira mkaka m'ngalande ndikulira, iye akukana botolo la mkaka wam'chitini mpaka mawu anasasa. Namwino wa kuchipatala anamupima, anandipima, n'kuseka. Anati mwana ali bwinobwino, chimene chingamudwalitse ndi njala imene ndikumupatsa ineyo. Ndinamubwezera kubere, koma nthawi iliyonse akamameza ndinkayang'ana kumbali. Msuzi umene unkasiyidwa pakhomo panga ndinkautaya osavundukula. A Danai anatenga zovala zochepa n'kumakagona kwa anzawo akabaza. Ngolo inangokhala itafunditsidwa lona.

Tsiku lachisanu m'mawa ndinapeza a Prayong atagwada pakhomo panga, manja ataphatikiza pamphumi. Munthu wa msinkhu wa bambo anga kugwadira ine wa zaka makumi awiri ndi chimodzi. Sindinawauze kuti adzuke.

"Make Tonkla, sindikupempha kuti undikhululukire lero."

"Chili kuti chinthu chija, amalume?"

"Chili m'chitini, ndachikwirira kuseri kwa msika. Muno sichilowanso."

"Nanga mwini wake, mayi wakufa uja? Akabwera kudzafuna mwana, ndimuuze kuti chiyani?"

Nkhope yawo inali itagwa, ndevu zoyera zitamera ngati nkhungu pa mpunga wogona.

"N'chimene ndabwerera. Sabata yamawa amonke akuyamba kubindikira m'kachisi miyezi itatu ya mvula. Ndakalankhula ndi mkulu wa kachisi wa kwathu. Nditenga botololo, akalipempherere, mayiyo amasulidwe apite kwawo. Kaya ndi munthu, kaya ndi nkhumba monga akunenera Danai, ine ndinagula ndikudziwa kuti ndi munthu. Ndikameta mpala ndi nsidze, ndikavala nsalu yachikasu ya amonke miyezi yonse itatu. Zabwino zimene ndikapeze kumeneko theka n'la mayiyo, theka n'la Tonkla."

"Nanga amalume a Danai?"

"Kiyi ndamusiyira kwa anzake. Chipinda n'chake monga chilili changa. Akafuna agonemo yekha, akafuna abweretse wometa wakeyo, akafuna achitseke. Mvula ikatha ndidzabwera kudzaona chimene ndapeza, ndipo ndikadzapeza mulibe munthu, sindidzapita kusiteshoni kukamufuna. Ndinyamuka Lachinayi, basi yoyamba."