Tizilumba Topitako Wapansi

Amene amanena kuti ndinabweza ulendo wa mpingo wathu chifukwa choopa madzi akunama, ndipo ambiri mwa iwo sanali nafe tsikulo.

Mzinda wa Liverpool uli pamathiriro a mtsinje, pomwe pamakocheza sitima zapamadzi. Ukawoloka mtsinjewo n'kukafika kugombe lina chakumadzulo, pali tizilumba titatu tomwe munthu amafikako wapansi, pakuti nyanja yamchere imaphwera kawiri patsiku n'kusiya mchenga wokhawokha, kenaka imabwerera. Zimenezi ndinaziphunzira kusekondale, nyanjayo ndisanaione ndi maso.

Chaka choyamba tinachoka ku Bradford pabasi, wotsogolera ndili ine. Titafika ndinawerenga chikwangwani cha nthawi za madzi, ndinaona kuti tachedwa, ndipo ndinaletsa ulendo wapamchenga. Mlembi wa mpingo, munthu wochepa kwa ine ndi zaka makumi awiri, anaseka pamaso pa onse.

"Abambo, ine kwathu n'ku Nkhotakota, ndinakulira m'bwato. Nyanja imadzaza ndi mvula yapachaka, osati ndi wotchi yanuyo."

Anthu atakhumudwa, tinanyamuka msanga kubwerera kwathu mchenga ukadali poyera. Kuyambira pamenepo amayi ankandilonjera pakhomo la tchalitchi kuti, "Madzi aja afika, abambo?" Pamsonkhano wotsatira anandichotsa paudindo wokonza maulendo, umene ndinaugwira mokhulupirika zaka zinayi, n'kuupereka kwa mlembiyo.

Chilimwe chotsatira a mpingo anabwererako kunyanja kuja. Ndinapita nawo, ndinawerenganso chikwangwani, ndinanenanso kamodzi kuti tachedwa. Mkazi wanga anandinong'oneza kuti, "Musandichititsenso manyazi," nanyamula dengu lake n'kutsatira anzake. Ine ndinakhala pakhoma lakugombe, iwo akupita kwinaku akuimba.

Madziwo sanabwere chakutsogolo monga munthu angaganizire. Anadzera m'makwawa am'mbali mwakachetechete, nakumana kumbuyo kwawo, iwo akudya pachilumba. Foni yanga inalira.

"Abambo," anatero mlembi, mawu atachepa, "madziwa aphwera nthawi yanji?"

"Funsani mvula yapachaka, achimwene."

Komabe ndinamuuza, chifukwa kunali ana: maola asanu, ndipo wina asayese kuwoloka.

Anakhala maola asanuwo pamphepo yozizira, mkazi wanga ali komweko wopanda juzi. Pobwerako, milomo ili gwagwagwa, palibe anandiyang'ana kumaso. M'basi ndinamva mlembi akuuza amayi kumbuyo kuti munthu wamkulu, wodziwa zonsezi, akanayenera kuwachenjeza mwamphamvu.