Phazi Lochedwa la a Howard

A Eneya a pa Chiringa anayamba ndi njinga. Zaka zambiri ankakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, kumata machubu ndi kumanga masipoko a anyamata a kabaza. Msana utayamba kukana, anagulitsa masipanala awo nagula laputopu yakale kwa mphwawo wa ku Limbe. Anthu anaseka. Munthu wa imvi, zala zakuda ndi girisi, kompyuta akaitani? Iwo anapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, naika sola padenga, nayamba kuthira nyimbo m'mafoni a anthu.

Koma ntchito imene anatchuka nayo ndi ina. Kuno anthu ali ndi zimbale zakale za maukwati ndi makwaya, pomwe makina oonetsera zimbalezo anatha kufa. Aliyense akufuna kuonera pa foni. A Eneya amachotsa vidiyo m'chimbale n'kuisintha kuti foni iilandire. Salankhula zambiri. Chinthu chokhota sachilola kutuluka pakhomo pawo, monga sankalolera tayala lopepeluka kuchoka pansi pa mango paja.

Lachitatu lina m'mawa kunabwera a Margret a ku Nkhulambe, chimbale atachikulunga m'mpango. Amuna awo, a Howard, anamwalira chaka chatha, ndipo Loweruka lake abale ankamanga chiliza. Zithunzi zonse za malemuwo zinapita ndi madzi osefukira a chaka chija. Chinatsala n'chimbale chimodzichi, chifukwa chinali kwa mwana wawo Madalo ku Jenala. M'menemo a Howard ankavina tchopa pa chinkhoswe cha Madaloyo, zikopa kumsana, thukuta kumaso.

"Adzukulu ena sanawaone agogo awo akuyenda," anatero a Margret. "Ndikufuna Loweruka awaone."

A Eneya anatembenuza chimbalecho. Chinali chokalika ngati pansi pa poto. Anachipukuta ndi kansalu, nachilowetsa, ndipo kompyuta inachiwerenga modandaula mpaka kumapeto. Atafuna kubwereza, inakana. Vidiyo inali itatuluka kamodzi, ndipo kamodzi komweko.

Anaisintha, naiika m'foni, nawapatsa mayiwo. A Margret anaonera pang'ono n'kubweza foniyo.

"Achimwene, awa ndi ndani?"

"Amuna anu."

"Amuna anga sanathamangepo chonchi, ngakhale tsiku lomwe zinawathamangitsa njuchi."

A Eneya anavala magalasi. Zinali zoona. Ovina onse ankadumphadumpha ngati nkhuku pa mchenga wotentha, pomwe ng'oma inkalira modekha kumbuyo. Zithunzi zinatha, ng'oma ikulirabe yokha pa galasi lakuda.

Vuto limeneli ankalidziwa. Vidiyo si chinthu choyenda ayi. Ndi zithunzi zoima zambirimbiri, zodutsa motsatana mpaka diso linyengeke. Kamera ya pa chinkhoswe paja inkajambula zithunzi 25 pa sekondi. Pulogalamu yawo inali itatsalira pa 30, kuchokera pa ntchito ya dzulo lake, ndipo inkakankha zithunzizo mothamanga kuposa mmene zinajambulidwira. Mawu okha inawasiya mmene analili.

"Ndamanga tcheni pa giya yolakwika," anatero. "Mwendo ukupalasa bwino, tayala ndi lomwe lapenga. Pitani kumsika, mukabwera mupeza zatheka."

Anabwerera ku vidiyo yoyamba ija, nalemba 25 pamalo pa 30, naisinthanso. Ovina anakhazikika. Zithunzi ndi ng'oma zinathera pamodzi. Munthu wina akanalekera pomwepo, koma a Eneya anaonera kachiwiri, maso ali pa phazi la a Howard. Ng'oma ikati di, phazi linkatera pambuyo pake pang'ono. Osati kwambiri, koma diso lozolowera kuona sipoko yolefuka silikanaphonya. Anaganiza kuti ndi chotsalira cha vuto lija. Anagwira mzere wa mawu n'kuukankhira kutsogolo pang'onopang'ono, mpaka phazi ndi ng'oma zinkagunda nthawi imodzi. Anatsamira mpando ali wokhutira. A Howard tsopano ankavina ngati katswiri.

A Margret anabwera ndi kamtolo ka chinangwa pamutu. Anatula, nakhala pa benchi, naonera mpaka kumapeto. Kenaka anapukusa mutu.

"Kuthamanga kuja kwatha. Koma awa si iwo."

"Mayi, nkhope ndi yomweyo."

"Nkhope ndi yawo, zikopa ndi zawo. Kuvinaku n'kwa munthu wina. Bambo a Madalo sanakumanepo ndi ng'oma chibadwire. Ng'oma inkapita, iwo n'kumabwera pambuyo ngati munthu wotsalira basi. Anzawo ankawanena kuti akuvina nyimbo ya dzulo."

"Nanga ankavinirabe chiyani?"

"Ndani akanawaletsa? Ine ndinayesa zaka zonsezi. Ankati ng'oma ndi imene ikufulumira."

A Eneya anakanda kumutu. Anali atakonza chinthu chosawonongeka. Atayang'ananso bwino anaona zomwe anachita: a Howard okha ndi amene ankagwirizana ndi ng'oma, ovina ena onse anali atasanduka opupuluma, mapazi awo akutera ng'oma isanalire. Gulu lonse analilakwitsa kuti munthu mmodzi akhoze.

Tsopano anafunika poyezera poona, ndipo phazi la wovina silikanathandiza. Anayendetsa vidiyo chithunzi chimodzichimodzi mpaka pamene wojambula anatembenukira kwa oyimba ng'oma. Apo panali dzanja la mkulu wina likutsika pa chikopa. Dzanja la woyimba silingachedwe pa ng'oma yake yomwe. Anabweza mawu mpaka dzanja ndi kulira zinakumana, ndipo anapeza kuti abwerera pomwe mawuwo analili poyamba. Gulu lonse linalowa m'malo mwake. A Howard anatsalira, monga mwa masiku onse.

A Eneya anawapatsanso mayiwo foni. Ng'oma inati di, ovina ena n'kuponda, kenaka phazi la a Howard linafika lokha, mosatekeseka, mwini wake akumwetulira ngati ndiye akutsogolera. A Margret anaseka mpaka kugwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Ndi amenewa. Taonani, achedwanso." Anayandikitsa foni kumaso. "Inu bambo inu, ng'oma ili uko."

Anaoneranso kawiri. Ulendo wachiwiri sanaseke, ndipo a Eneya anapeza chochita ndi mawaya a kuseri kwa tebulo mpaka mayiwo atamanga bwino chitenje chawo.

Vidiyo anaiika m'foni, m'memori khadi, ina naisunga m'kompyuta, poti chimbale chinali chitatha ntchito. A Margret anasiya chinangwa chija pakhomo. A Eneya anati sadya chinangwa chozizira m'mawa, koma sanachibweze.

Loweruka sanapite ku Nkhulambe. Anali ndi zimbale za kwaya ya ku Jenala zowadikira. Anangomva kwa wa kabaza kuti foni inayenda dzanja ndi dzanja pa manda, ndipo kamdzukulu kena kanayesa kuvina ngati agogo ake, n'kulephera kuchedwa.

Mpaka lero a Eneya akadali kuseri kwa chigayo. Asanasinthe vidiyo iliyonse amayamba aona nambala ija, 25 kapena 30. Ndipo ukawapititsira chimbale cha gule, amakufunsa funso limodzi asanakhudze mawu: "Mwini wakeyu ankatha kuvina?"