Nambala Zinapita ku Chirimba

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinajambula ukwati wonse ku Naperi, eni ake nʼkundiuza kuti mphwawo anajambula pa foni, zithunzi zanga sakuzifunanso. Zinandipweteka. Ndinati basi, ndinyamule chikwama chakumsana, ndizikajambula malo ogona alendo ku Zambia ndi ku Tanzania. Mwana wanga Tadala, wa zaka zitatu, ndinamusiya kwa achemwali anga ku Chirimba, ndi lonjezo lakuti miyezi inayi sikwana.

Kamera yanga yaikulu ndinakasinthitsa ku Limbe, kwa mmwenye wina wa shopu ya zamagetsi. Ine ndinkafuna malenzi atatu. Iye anaseka. "Mayi, msana ndi umodzi. Tengani yaingʼono iyi, lenzi imodzi, mabatire awiri. Yaikulu imaitana akuba." Ndinamvera. Pomwepo anandisikanira pasipoti ndi chitupa, ndinazisunga mu imelo. Simu khadi yanga ndinaisiya mu kafoni ka mabatani kwa achemwali, kuti azilandirirapo ndalama za mwana. Ndinadziona wochenjera kwabasi.

Miyezi inayi inasanduka zaka ziwiri. Poyamba ndinkatumiza ndalama ndi zithunzi sabata iliyonse. Kenako ntchito inasowa, ndinayamba kugona mʼzipinda za anthu asanu ndi atatu, kamera nditaikumbatira ngati khanda. Kuimba foni chimanjamanja ndinkachita nako manyazi, ndiye ndinangoti zii miyezi isanu. Lero ndikaganiza, manyazi amenewo ndi amene amandinyansa.

Ku Dar es Salaam, pokwera basi, wina anangʼamba chikwama ndi lezala. Kamera inapulumuka chifukwa inali pakhosi, koma pasipoti ndi foni zinapita. Masiku ondilola kukhala mʼdzikomo anatsala anayi. Ku ofesi ya kazembe wathu anandiuza kuti ndikabweretse kope la pasipoti, andipatse kalata yobwererera kwa mwana wanga.

Ndinathamangira kokabwereka kompyuta. Imelo inakana kutseguka, akuti makinawo ndi achilendo, atumiza nambala zisanu ndi imodzi ku foni yanga. Foni yake iti? Ya ku Chirimba. Ndinkadziwa kuti simu khadi ikakhalitsa osagwira ntchito imatsekedwa. Ndinabwereka foni kwa mwini malowo, ndinaimba nambala yanga yomwe.

Inangoitana kamodzi.

"Achemwali, ndine."

"Uli moyo?"

"Mundikalipira pambuyo, chonde. Mu foniyo mwalowa uthenga, ndiwerengereni nambala."

"Miyezi isanu, iwe ukufuna nambala?"

Anafunafuna magalasi awo, nthawi ya nambalazo nʼkutha. Ndinapempha zina. Anandiwerengera imodziimodzi, mawu ali gwaa, ndipo atamaliza anadula osatsanzika. Imelo inatseguka, ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa.

Ndinatsika basi mu Blantyre masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinakwera minibasi ya ku Chirimba chikwama chosokedwa ndi ulusi chili pamiyendo. Alamu anga ndiwo anandiuza kuti achemwali ankayenda ndi kafoni kaja pachifuwa, ku msika, ku maliro, ngakhale ku tchalitchi, ndipo magetsi akazima ankakatchajitsa kwa aneba. Achemwali eni ake anangondilandira chikwama.

Tadala ndinamupeza pakhonde akusenda nandolo, atatalika, dzino lakutsogolo litaguluka. Ndinagwada, ndinamuitana dzina. Anandiyangʼana bwinobwino, anandipatsa moni waulemu ndi manja awiri monga anamuphunzitsira. Kenako anathamangira kwa achemwali, nʼkuwagwira chitenje.

"Amayi, alendowa agona konkuno?"