Bodza Limene Ndinamunamizira Eneless

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7 ku Bangwe, pamene aphunzitsi athu a Chichewa, Mayi Makwinja, anayambitsa kalabu ya zolembalemba. Tinkakumana Lachitatu lililonse tikaweruka, m'kalasi yothyoka mawindo, fumbi la pabwalo la mpira likulowa mmene lafunira. Aliyense ankabweretsa nkhani kapena ndakatulo yake, ndipo aphunzitsi ankasankha imodzi n'kuiwerenga mokweza.

Kwa miyezi iwiri yosankhidwa inkakhala yanga. Ndinkathira miyambi yambirimbiri ndi mawu akuluakulu, n'kumaliza ndi malangizo kwa achinyamata. Ndinkalemba za kuipa kwa mowa ndisanaulaweko, ndi za ndege imene ndinkangoionera m'mwamba. Anzanga ankanditcha mlembi, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako kunabwera Eneless, mtsikana wochokera ku Phalombe amene ankakhala ndi azakhali ake kuseri kwa msika. Sankalankhula kawirikawiri chifukwa ana ankaseka katchulidwe kake ka mawu, kosakanikira ndi Chilomwe. Lachitatu lina aphunzitsi anatola pepala lake. Inali nkhani ya tsiku limene mayi ake anamwalira. Analemba kuti anapita kukaanula nsalu ya mayi akewo pachingwe, koma atasowa woti amupindire, anaibwezeranso pomwepo. Munalibe mwambi ngakhale umodzi. Aphunzitsi atamaliza kuwerenga, m'kalasi munangoti zii.

Nkhani zanga anthu ankaziombera m'manja, koma sizinakhalitsepo chete aliyense chotero. Ndinamva ngati ndameza khala la moto. Sabata yotsatira anawerenganso ya Eneless, ndipo anzanga omwe aja anayamba kumukhalira pafupi pa nthawi ya buleki. Ndinkamuyang'ana m'mbali, n'kumadana ngakhale ndi kagwiridwe kake ka pensulo. Tsiku lina ndinatsatira aphunzitsi ku ofesi n'kuwauza kuti Eneless amakopera nkhani zake m'buku.

Anatiitana tonse awiri pansi pa mtengo wa kesha.

"Chikondi, buku lake ndi liti?" anandifunsa.

"Ndaiwala dzina, madamu."

"Unaliona kuti?"

Eneless sanandiyang'ane n'komwe. Analankhula motsitsa kwa aphunzitsi.

"Nsaluyo ilipo kunyumba, madamu. Ndibwere nayo?"

Ndinkayembekezera kutchetcha udzu kapena kukolopa, koma Mayi Makwinja anandipatsa chilango china. Anati ndilembe chifukwa chimene ndinanamira, popanda mwambi kapena malangizo. Ulendo woyamba ndinalemba kuti Satana anandinyenga, iwo anandibwezera pepalalo. Wachiwiri ndinati ndinalakwitsa kuona, anandibwezeranso. Wachitatu ndinakhala pakhonde masana onse, mpaka ndinalemba zimene ndinali ndisanauzepo munthu. Kwathu tinalipo ana asanu ndi mmodzi, bambo anali atapita ku Joni osabwereranso, ndipo mayi ankabwera kumaganyu atatopa moti nthawi zina ankasokoneza mayina athu. Lachitatu lokha ndi pamene dzina langa linkatchulidwa anthu n'kutembenuka. Ndinkaopa kuti Eneless akanditengera zimenezo, sinditsala ndi kanthu.

Aphunzitsi anawerenga chamumtima, kenako anapinda pepalalo n'kundibwezera.

"Iyi ndiye nkhani yako yoyamba," anatero. "Zinazo unkangobwereka pakamwa pa anthu."

Ndinakapepesa kwa Eneless pampopi, akutunga madzi. Anangoti, "Ndamva," n'kusenza ndowa yake. Ku kalabu sanabwerenso. Aphunzitsi anayesetsa kumunyengerera, koma iye anati safuna kuti za mayi ake zizikambidwa ngati mlandu. Chaka chisanathe anabwerera ku Phalombe, ndipo sindinamuonenso.

Lero ndine mphunzitsi ku Chilomoni, ndipo ndimalembabe. Ndinazindikira kuti chinkandiwawa sichinali luso la Eneless ayi, koma kuti iye analimba mtima kunena za m'nyumba mwawo, pamene ine ndinkabisala. Bodza langa linandithandiza kudzipeza, koma amene analipira ndi iyeyo, ndipo zimenezo sindinadzikhululukirebe. N'chifukwa chake mwana wa m'kalasi mwanga akandipatsa pepala lonena za kwawo, ndimayamba ndamufunsa ngati akufuna kuti anzake amve. Akakana, ndimaliwerenga ndekha, n'kumuuza kuti ndamukhulupirira.