Chimene Chinkawayabwa a Lameki

Mukadafika pa mjigo wa mudzi wina kufupi ndi Golomoti Loweruka m'mawa, simukadavutika kumupeza Jenifa Nangozo. Mukadangotsata thovu. Linkachoka m'beseni lake, n'kutsika ndi ngalande mpaka pamene mbuzi zimamwera, mbuzizo n'kumabwerera zikuyetsemula. Amayi anzake ankati Jenifa sachapa, amachita kufulula thovu.

Koma musamuseke msanga. Jenifa anabadwa wachisanu ndi chiwiri m'nyumba ya ana asanu ndi anayi, momwe mtanda wa sopo unkadulidwa ndi ulusi n'kubisidwa kudenga. Yunifolomu yake inkachapidwa kumapeto, m'madzi odutsamo kale zovala za banja lonse. Tsiku lina ali Sitandade 5, mnzake wokhala naye desiki imodzi anasuntha atagwira mphuno. Jenifa sanalire, koma analumbira mumtima kuti akadzakwatiwa, mwamuna wake azidzanunkhira mpaka anthu kucheuka.

Mwamunayo anapezeka: a Lameki, mlimi wa mpunga ku Bwanje, munthu wofatsa moti nkhuku ikamawadyera mpunga pamkeka amaithamangitsa mopepesa. Lamlungu ankaimbitsa kwaya ku tchalitchi chaching'ono cha kwawoko. Mpunga utayamba kuwayanja, Jenifa anatsanzika sopo wamtanda n'kuyamba waufa wonunkhira uja, ndipo malaya oyera oimbitsira kwaya ndiwo anaudya kwambiri. Ankawathirira manja atatu odzaza, n'kutsukuluza kamodzi kokha, mopepuka, kuti fungo lisapite ndi madzi. Zitenje zake ankangozichapira m'madzi otsala. Paketi imodzi sinkaona Loweruka lachiwiri.

Ndiye taganizani kutentha kwa kuno mu Okutobala, tchalitchi chamalata, thukuta lili chuchuchu. Nyimbo yolowera a Lameki ankaiimbitsa bwinobwino. Pofika ya zopereka, dzanja lamanja linkathawa m'mwamba n'kukalowa m'khwapa. Kwaya, pokhala yomvera, inkaganiza kuti akuti titsitse mawu. Akakwera kukakanda pakhosi, amayi a soprano ankakwera nawo mpaka kutsamwa. Tsiku lina anatembenuka kuti akhule msana pa nsanamira, oimba onse anatembenuka nawo n'kuimbira khoma.

Palibe chimene Jenifa sanayese. Anathira madzi otentha pamphasa kusaka nsikidzi, sanapeze ndi imodzi yomwe. Anawaletsa mlamba, kenako mazira, kenako chinangwa. Mankhwala opaka a kuchipatala ankathandiza pakati pa sabata, bambowo akamagwira ntchito kumunda ndi chimalaya chong'ambika, koma Lamlungu zidzolo zinkabwerera ngati zaitanidwa.

Nzeru yomaliza inabwera ndi Maliya, mnzake wa pamjigo, mayi wosasunga mawu m'kamwa.

"Amake Chimwemwe, inu ndinu wamkulu. Mwamuna wochapiridwa chonchi angayabwe ndi chiyani? Loweruka lililonse amapita kukagulitsa mpunga ku Golomoti, Lamlungu akukanda. Tawerengani nokha masikuwo."

Jenifa anawerenga, masiku n'kugwirizanadi. Mtima unamuwawa koopsa, chifukwa a Lameki ankawakonda zenizeni, zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pofuna kuchotsa litsiro la mkazi wosadziwikayo, anawonjezera dzanja lachinayi la sopo. Lamlungu limenelo a Lameki anaimbitsa ngati agwa m'chitedze.

"Abambo a Chimwemwe," anatero atabwerako, "mundiuze dzina lake. Mukapanda kunena pofika Lamlungu loyamba la Disembala, ndiitana ankhoswe, aliyense aone msewu wake."

"Dzina la ndani, mayi?" anafunsa a Lameki, uku akukanda.

"Muzikanda choncho. Likubwerani m'mutu."

Chinali chaka chimene kwacha inagwa, mu Novembala, zinthu m'magolosale n'kudumpha mitengo ngati ziwala. Jenifa atamva mtengo watsopano wa paketi yake, anaseka kaye, poyesa kuti wogulitsayo akucheza. Anagulabe, koma ali m'njira anadzifunsa kuti sopo wodula chonchi angamuwonongerenji pa munthu wachimasomaso. Loweruka anatola chitsekerero cha botolo, n'kuyeza ufa kamodzi kokha. Malayawo anangowaviika n'kuwasiya, iye n'kukapalira kudimba. Pobwera anawafikisa ndi mkwiyo, n'kuwatsukuluza katatu konse.

"Akanunkhire kwa yemweyo," anatero poyanika.

Chodabwitsa n'chakuti malayawo anayera mbee, kuposa kale. Pamjigo Maliya anasuzumira m'beseni n'kufunsa ngati kunyumba kwagwa maliro, poti thovu silikuoneka. Jenifa anangoti akusunga. Ndipo ankasungadi: masabata atatu anatha paketi ija isanafike ndi pakati pomwe, mwakuti ndalama ya sopo inagula mafuta ophikira ndi nsapato za Chimwemwe, mwana wawo wa ku sekondale.

Nakonso kutchalitchi zinthu zinasintha. Lamlungu loyamba a Lameki anakanda kawiri kokha. Lachiwiri, manja onse anakhala m'mwamba kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira, oimba n'kumasochera chifukwa anali atazolowera zina. Lachitatu bambowo anachita kuvina.

"Chibwenzi chatha," ananong'oneza Maliya. "Mawu a ankhoswe aja awaopsa."

Jenifa anasangalala moti anayenda ngati mtsikana kuchoka kutchalitchi mpaka kunyumba. Ankhoswe anali atawaitana kale ndipo sanawabweze, chifukwa dzinalo ankalifunabe, koma anaona kuti munthu wolapa ayenera kulandira kenakake. Loweruka lomaliza anatulutsa paketi n'kuthira manja atatu odzaza ngati kale. Thovu linatsika ndi ngalande, mbuzi n'kuyetsemula.

M'mawa mwake, tsiku la ankhoswe lenilenilo, Jenifa anakhala pabenchi lachitatu atamanga duku latsopano. Nyimbo yolowera inadutsa. Pa ya zopereka anaona dzanja la amuna ake likulimbana m'mwamba, kenako n'kugwera m'khwapa. Mkwiyo unayamba kukwera, koma anakumbukira chinthu china. Dzulo lake a Lameki sanapite ku Golomoti. Anakhala tsiku lonse pakhomo akufolera khola, iye akuwaona ndi maso ake. Chimene chinasintha sabata imeneyo chinali chimodzi chokha, ndipo chinali m'manja mwake.

Phwete linamuphulika pakati pa nyimbo. Analuma nsonga ya chitenje, sizinathandize. Anatuluka akuthamanga n'kukatsamira mtengo wa mango kuseri, kuseka mpaka misozi, kenako misoziyo inasanduka yeniyeni. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu akukanda, akumanidwa mlamba, akunenedwa pamjigo!

Masana ankhoswe anafika: amalume ake a Jenifa pa njinga yawo, ndi akulu awo a Lameki pa kabaza. Anakhala pakhonde, nkhope zili gwa.

"Mphwanga," anayamba amalumewo, "unati pali mkazi wina amene akudwalitsa bambowa. Wamudziwa?"

Jenifa anaganiza zonama. Akadangoti wakhululuka, nkhani ikadathera pomwepo, ulemu wake uli chilili, a Lameki n'kukhala ndi mbiri yoipayo mpaka kumanda. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi paketi ya sopo, n'kuiika pakati pawo. Anagwada.

"Malume, palibe mkazi wina. Ndine ndakhala ndikuwayabwitsa ndi ichi. Ndinawanamizira. Abambo a Chimwemwe, pepani."

Anafotokoza zonse, za manja atatu ndi kutsukuluza kamodzi. Alamu ake anayesa kutsokomola kuti abise kuseka, koma zinakanika, anagwa chagada. Amalume anavula chipewa n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. Amene sanaseke ndi a Lameki okha.

"Nanga inu achimwene," anafunsa akulu awo akupukuta misozi, "simunkadziwa?"

"Ndinadziwa chaka choyamba chomwe," anayankha a Lameki, maso ali pansi. "Chimalaya cha kumunda sichindiyabwa."

Jenifa anadzuka pamene anagwada paja.

"Munkadziwa? Ine n'kumaphika nsikidzi zosaoneka? N'kuitana anthu akuluakuluwa padzuwa lonseli? Bwanji osanena?"

"Ndikadayamba bwanji, mayi? Ndinene kuti manja anu ndiwo akundivulaza? Kuyabwa ndimatha kupirira. Zoti ndikuchititseni manyazi pa chinthu chimene mumachita pondikonda, ndinaona kuti sindingathe."

Jenifa anatsegula pakamwa kuti awakalipire, pakuti zinali zoyenera kukalipira ndithu. Koma m'malo mwake anasendera pafupi, pamaso pa amalume ake omwe, n'kuyamba kuwamasula mabatani a malaya aja limodzi ndi limodzi.

"Vulani, bambo," anatero. "Mwakanda mokwana."