Bambo Obweza Mango

Mtengo wanga wa mango unaponya nthambi kuseri kwa mpanda, pabwalo la aneba anga. Mango akagwera kwawoko, bambowa amatola, kuika m'mbale, n'kundibwezera. Ana awo akamadandaula, iwo amangoti, "Cholowa m'kamwa chimatseka khutu limodzi." Ndi mmodzi wa oweruza m'bwalo lomva madandaulo a anthu ogwira ntchito m'boma.

Chaka chimene malemu amuna anga anadwala, ndinajomba milungu itatu ku ofesi, ndipo anandichotsa ntchito ya ukalaliki osandifunsa n'komwe. Ndinakadandaula kubwaloko. Nditalowa m'chipinda n'kuona aneba anga pampando wapakati, ndinathokoza Mulungu chamumtima.

Iwo anavula magalasi, n'kutseka fayilo yanga. "Anzanga, mayiwa ndi aneba anga, mpanda wathu ndi umodzi. Nkhani iyi sindingaimve."

Anatuluka osandiyang'ana. Ndinalira, ndipo mlungu wonse sindinawapatse moni.

Oweruza ena anamva mbali zonse, anawerenga makalata a kuchipatala, n'kulamula kuti ndibwerere pantchito. Loya wa boma anafunafuna pogwira kuti achite apilo, koma anasowa. Mlembi wa bwalolo ndiye anandinong'oneza kuti, "Mayi, aneba anu akadakhala pampando paja, bwenzi boma litachigwetsa chigamulochi."

Tsiku lomwelo ndinawatengera aneba angawo dengu la mango, manyazi ali tho. Anandilandira pakhomo manja ali kumbuyo.

"Zikomo, mayi. Koma mawa kubwera wina wopanda mtengo wa mango, ndipo naye ndiyenera kumumva ndi makutu onse awiri."