Tsiku Limene Tinalawitsa Galu Bowa wa M'mapaini

Ndikukumbukira fungo la galu wanga akanyowa ndi mvula, fungo ngati la chiguduli chogona pachinyezi. Dzina lake anali Mwaonanji. Amayi ndiwo anamutcha choncho, pofuna kulasa a Nangozo, mayi woyandikana nafe amene ankakonda kusuzumira m'khitchini mwathu. Amayi akafuula kuti, “Mwaonanji, bwera kuno!” a Nangozo ankamenyetsa chitseko, ife n'kumasekera m'manja.

Tinkakhala m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, ndipo bambo ankagwira ntchito yodula mitengo ya paini. Ine ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, mwana wamanyazi kwabasi. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi ndinkangotafuna kolala ya yunifolomu. Amene ndinkacheza naye momasuka anali galuyo basi.

Kwathu galu sankaphikiridwa. Ankadya nkhoko zikatsala, makoko a kachewere, ndi mbewa akazigwira yekha. Ine ndinkabisa nthongo ziwiri za nsima m'nsalu n'kukamupatsira kuseri kwa nkhokwe. Loweruka ndinkamugoneka pamwendo n'kumamuchotsa nkhupakupa m'makutu, zonenepa ngati nsatsi, iye atatsinzina ngati bwana akumetedwa.

Chaka chimenecho Febuluwale anatipeza nkhokwe ili pansi. Ndiwo zinali nkhwani dzulo, nkhwani lero. Loweruka lina m'mamawa azakhali, achemwali awo a bambo, anabwera kuchokera kunkhuni atamanga bowa wodzaza chitenje.

Amayi anatola mmodzi n'kumutembenuza. “Alamu, bowa uyu mwazula kuti?”

“M'mapaini. Ndi ndelema uyu, simukumuona?”

“Ndelema wa m'mapaini sindinamuonepo ine. Ndipo pamwamba pakepa pakubiriwira.”

“Kubiriwirako ndi njala ili m'maso mwanuyo,” anatero azakhali.

Bambo anali pakhonde akunola nkhwangwa. Sanadzutse n'komwe mutu. “Nanga galu timamusungiranji? Mulawitseni.”

Umo ndi mmene zinkakhalira kwathu. Chakudya chikakayikitsa, kaya ndi nyama ya nkhumba yofa yokha, kaya nsomba zoyamba kununkha, ankayamba aponyera galu. Akapanda kufa, anthu ankadya.

Amayi anaphika bowa pang'ono m'kampoto, n'kusakaniza ndi mkute m'mbale. Koma Mwaonanji sankayandikira akuluakulu, chifukwa ankadziwa mapazi awo. Anaima patali, mchira uli pakati pa miyendo. Ndiye bambo anati, “Anastazia, muitane iwe. Amamvera iwe ameneyu.”

Ndinkafuna kukana, koma manyazi anandigonjetsa. Ndinayang'ana pansi, ndinagwada, ndinalandira mbale ija ndi manja awiri. Ndinamuitana, ndipo anabwera akuthamanga. Chibadwire anali asanadyepo chakudya chotentha cha m'mbale. Ananyambita mpaka mbale inayera, kenako ananyambita dzanja langa.

Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Galu anagona pamthunzi, anadzuka, anathamangitsa tambala. Azakhali anawomba m'manja. “Mwaona? Galu wanu uyo akuvina!” Bowa yense anaphikidwa, fungo lake linadzaza bwalo. Ine ndinakana kudya. Sindinkadziwa kanthu za bowa, ndinangokwiya basi, ndipo kukana chakudya ndiko kukwiya kokha kumene ndinkatha. Bambo anati, “Musiyeni, ndiwo zichuluke.”

Dzuwa litapendeka ndinamupeza Mwaonanji kuseri kwa nkhokwe akusanza, miyendo ikunjenjemera, dovu likuchucha. Tsiku limenelo mudzi unamva mawu anga koyamba. Ndinakuwa mpaka amayi anataya lichero.

Kunali chipwirikiti. Amayi anasungunula mchere m'madzi, onse atatu anamwa n'kumadzipisa chala kukhosi. Azakhali ankalira akutchula oyera mtima mmodzimmodzi. Bambo anakwera pampando kufufuza makhadi a chipani m'denga, chifukwa masiku amenewo wopanda khadi sankapita kutali. Onse atatu anathamangira kumsewu, ndipo lole ya matabwa inawatenga kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Podutsa pankhokwe paja palibe anacheuka.

Ndinatsala m'manja mwa a Nangozo. Mayi amene tinkamunyoza ndi dzina la galu uja ndi amene anasinja makala, n'kuwasungunula m'madzi, ine nditagwira galuyo kukamwa, iwo akuthira ndi chipande. “Gwira bwino, mwanawe,” ankatero. “Mnzanga wa dzina loipayu asatisiye.”

Lamulungu Mwaonanji anaoneka ngati wachira. Anasiya kusanza, anamwa madzi yekha, anagwedeza mchira kawiri. Ndinapita kutchalitchi n'kukathokoza. Koma Lolemba anakana kudzuka. Ndinajomba kusukulu, ndinayenda wapansi mpaka kudibi, kumene kunali bambo wina amene ankasambitsa ng'ombe ndi kubaya agalu jakisoni wa chiwewe. Ndinaima pampanda nthawi yaitali, ng'ombe zikudumphira m'madzi. Iwo ndi amene anayamba kundifunsa. Nditafotokoza anafunsa kuti galuyo anadya liti, ndipo nditati dzana anapukusa mutu.

“Wachedwa, mwanawe. Bowa wotereyu amabisala kaye, kenako amadya chiwindi. Ine ndili ndi mankhwala a nkhupakupa ndi jakisoni basi. Kamupatse madzi, usamusiye yekha.”

Pobwerera ndinapeza maso a Mwaonanji ali achikasu, nkhama zakenso zachikasu. Anafa Lachiwiri masana, mutu uli pamwendo panga. Ine ndi a Nangozo tinakumba dzenje m'mphepete mwa munda. Nthaka inali yofewa chifukwa cha mvula, ndipo sitinachedwe.

Makolo anga ndi azakhali anabwerako patatha sabata ndi masiku, atawonda koma amoyo. Kuchipatala anawauza kuti chinawapulumutsa ndi kufika msanga, poizoni asanalowerere. Bambo anapereka Misa yothokoza. Woyendetsa lole uja anamupititsira nkhuku. Anthu ankabwera kudzazonda, nkhani ikufotokozedwa kuyambira kunkhuni mpaka kuchipatala, ine nditakhala pakona kudikira kuti wina atchule amene anayamba kudya.

Anamutchula azakhali. Anauza alendo akuseka kuti, “Galu wopusa uja akanasanza msanga, ife sitikanavutika chonchi.” Alendo anaseka nawo. Bambo ataona nkhope yanga anati, “Ukuliranji? Agalu ndi ambirimbiri. Tikapempha wina, pakhomo pamafunika galu.” Ndinamvetsa chimene ankamufunira, ndipo kagalu kamene anabweretsa sindinakakhudzepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaopa kuti kangazolowere kubwera ndikaitana.

Lero ndili pabanja kuno ku Kaphuka, ndipo ndikulemba izi mwana ali kumsana. Zina zasintha. Pawayilesi amalengeza nthawi ya dzinja kuti bowa wosamudziwa ndi wotaya. Alangizi a ziweto amafika mpaka m'mudzi kudzabaya agalu. Ndinatenga zaka zambiri ndisanalole galu pakhomo panga, koma tsopano alipo. Ndimamuphikira gaga ndi mitu ya matemba, madzi ake ndimasintha m'mawa uliwonse, ndipo amayi anzanga amaseka kuti ndili ndi ana awiri.

Koma zina zili pomwepo. Mwezi wathawu nkhumba inafa yokha kwa apongozi, ndipo anandipatsa nthuli kuti ndikaponyere galu tione. Manyazi sanandithere, apongozi sindiwayang'ana m'maso. Ndinagwada, ndinalandira, ndinapita nayo kumunda, ndinaikwirira mozama n'kuikapo mwala. Pobwerako ndinawauza kuti nyama yokayikitsa galu wanga sadya, ndipo mwana wanganso sadya. Mpaka lero moni wawo ndi wozizira.

Bambo anga akalamba tsopano. Ndimawalemekeza, ndikakumba kachewere ndimawatumizira, ndipo za Mwaonanji sitinakambiranepo. Mwina anaiwala kalekale. Koma akabwera kudzacheza, galu wanga ndimamutsekera m'khitchini mpaka atapita.